Lenzi ya Munthu Woima Patali

Talkmore anayala kansalu kofiira pa kabati n'kuikapo malenzi awiri a kamera, yaifupi kumanzere, yaitali kumanja. Kasitolo kake, kuseri kwa msika wa ku Gweru, kanali kopanikiza moti Nehemiya atakhala pampando mawondo ake ankagunda galasi la kabatiyo, mmene munadzaza mafoni akufa ndi matchaja opiringizana. Yunesi, mlongo wake wa Nehemiya, analibe pokhala. Anaima pakhomo ndi chikwama chake cha kaunjika, atatchinga theka la kuwala.

"Mudhara, apa musathamange," anatero Talkmore, akumutchula mdala m'chiyankhulo chakwawo. Iye anali Mshona, koma anakulira m'komboni ya ku Shurugwi pakati pa ana a Amalawi, ndiye Chichewa chake chinkatsimphina koma chinkafika kumene chikupita. "Lenzi yanu yakale ija ndaitsegula. Muli fumbi la mgodi wa kuromu lokwana kukweza m'lole. Imene ija yafa, tingoilira. Tsono sankhani pa ziwirizi."

Ndalama zimene Nehemiya anabwera nazo zinali za lenzi imodzi basi, ndipo onse atatu ankadziwa zimenezo.

Talkmore ananyamula yaifupi ija n'kuipotoza uku ndi uku. "Iyi ndiye khasu la wojambula. Mukaipotoza chakuno, tchalitchi chonse chalowa, ndi abusa omwe. Mukaipotoza chauko, mwakoka nkhope ya mkwatibwi yokha. Ukwati, chiliza, phwando la mwana m'kachipinda kakang'ono, zonse imadya. Ndi yopepuka, mu kombi, minibasi zathuzi, mungoisunga pamiyendo ngati buledi."

"Nanga inayo?"

"Inayo ndi ya azungu amene amapita kukajambula mikango koma safuna kudyedwa." Anaipereka ndi manja awiri. "Munthu ali kutsidya kwa bwalo la mpira, inu mumuwerenga mano. Koma ndi yolemera, imafuna dzuwa lambiri, imafunanso malo. Inu ntchito zanu za ku Lalapanzi ndimazidziwa: amayi a mvano atavala yunifolomu, makorokoza okumba golide amene agula wailesi yatsopano. Zimenezo n'za m'nyumba. Iyi muisiye."

Nehemiya sanaisiye. Anaiika pamiyendo n'kumaisisita ndi chala chachikulu. Yunesi anatsitsa chikwama chake pansi mwamphamvu.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Achimwene, ndakuuzani za ukwatiwu kuti mukalowe pageti ngati munthu. Sindinakuuzeni kuti mukabisale m'tchire ngati mlenje."

Talkmore anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, kenako anayamba kupukuta foni imene inali yopukuta kale.

Ukwati umene Yunesi ankanenawo unali wa Runyararo, mwana mmodzi yekha wa Nehemiya, amene bambo akeyo anamuona komaliza asanayambe n'komwe sukulu.

Nehemiya Kalinde anabadwira m'komboni ya mgodi wa ku Lalapanzi. Bambo ake, a Yosiya, anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwerereko, koma malamulo akwawo anawasunga ngati malaya a pa Sabata, osalola kuti fumbi la dziko la eni liwadetse. Nehemiya atakonda Spiwe, mtsikana wa ku Somabhula, anapereka ng'ombe zonse zimene akuchikazi anatchula, a Yosiya akung'ung'udza kuti kwawo munthu sagulidwa. Banja linali lokoma, koma silinakhalitse. Spiwe anadwala nyengo imodzi ya mvula, ndipo chimanga chisanache anakamuika kwawo.

Tsiku logawa zovala za malemu, abale onse anakhala pabwalo. Kwa anthu a Spiwe pali funso limene limafunsidwa tsiku limenelo, ndipo analifunsa ndi mlongo wake wamkulu wa malemu, a Never, malume a mwanayo. "Nanga mwana?" Funsolo n'lamwambo chabe. Mwamuna amaomba m'manja n'kunena kuti mwanayo ndi magazi ake, ndi wa chiwongo chake, ndipo akuchikazi amangosankha mayi womuthandiza kulera. Koma Nehemiya tsiku limenelo anali ngati chikho chopanda kanthu, ndipo mmawa womwewo a Yosiya anali atamukokera kuseri kwa khola.

"Usakachite mwano pamaliro," anamuuza. "Mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume wake. Iwe ndiwe mkamwini, tambala wobwereka. Ukapereke ulemu, aone kuti ifenso tinaleredwa."

Choncho Nehemiya anadzuka, nanyamula Runyararo, nakamukhazika pamiyendo pa a Never. Anagwada, naomba m'manja, n'kubwerera pamalo pake. Ankadikira kuti amuthokoze. M'malo mwake mayi wina, mng'ono wawo wa apongozi ake, anayamba kulira mokweza kuposa mmene analirira kumanda.

Panapita masiku kuti amvetse chimene anachita. Kwa anthu a Spiwe, mwamuna amene anapereka ng'ombe akabweza mwana pamaso pa anthu, wanena chinthu chimodzi chokha: uyu si wanga, kafunseni mwana wanu ali m'mandayo. Iye ankati akupereka ulemu, koma anatukwana mkazi wake dothi la pamanda lisanaume.

Anabwererako atagula tinsapato tofiira, mawu atawakonza njira yonse. A Never anakumana naye pageti ndipo sanamulalatire. "Munayankhula pamaso pa anthu," anatero. "Mukafuna kubweza mawu, mudzawabweze pamaso pa anthu." Koma kusonkhanitsa anthu kumafuna akuluakulu okuperekeza, ndipo a Yosiya anakana kwamtuwagalu, amvekere sitinalakwe ife. Mgodi unatseka. A Yosiya anamwalira. Nehemiya anagula kamera kwa mzungu wina amene ankasamuka, nayamba kujambula ana a anthu ena. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa, ndipo manyazi ali ngati chitsamba cha minga pakhomo: ukachisiya mvula imodzi umachilumpha, ukachisiya mvula zambiri umayamba kutulukira kuseri.

"Anthu amene a Never ankafuna aja adzakhala onse ali pompo," Yunesi anapitiriza, mawu atawatsitsa tsopano. "Simudzawapezanso pamodzi chonchi, pokhapokha pamaliro. Gulani yaifupiyi. Mukalowe, mukagwade, mukanene. Mukatha apo mukamujambule mwana wanu ali pafupi."

"Ukwati si bwalo la milandu, Yunesi. Ndikamuwonongere tsiku lake?"

"Tsiku limodzi mukuliopa, zaka zonsezi simunaziope?"

"Akandithamangitsa, anthu a mwamuna wake akuona?"

"Akakuthamangitsani mudzabwera kuno tidzalire limodzi. Kodi ndinayamba ndakanapo kulira nanu?"

Nehemiya anatulutsa kamera m'chikwama, namangirira lenzi yaifupi, n'kuloza kwa Yunesi. Nkhope yake inadzaza bwino, makwinya a pachipumi, duku lopendekeka, maso ofiira ndi mkwiyo. Maso amenewo ankamuyang'ana iyeyo, ndipo anatsitsa kamera msanga. Anachotsa yaifupiyo, namangirira yaitali, n'kupempha Yunesi kuti apatuke pakhomo.

Kutsidya kwa msewu, kupitirira pokwerera makombi, mayi wina ankagulitsa mbatata. Ndi maso anali kadontho chabe. Nehemiya anapotoza lenzi pang'onopang'ono, ndipo mayiyo anabwera, nabwerabe, mpaka anaoneka ulusi umene anasokera thumba la epuloni yake. Ankasenda lalanje ndi chikhadabo, akuyankhula yekha. Sankadziwa kuti pali womuona. Sakanafunsa kanthu, sakanadikira yankho. Mtima wa Nehemiya unakhala pansi.

"Ndatenga iyi," anatero.

"Mudhara, mukufuna kukasuzumira mkazi wa mwini kapena?" Talkmore anayesa kuseka, koma palibe anamuthandiza. Anakanda m'mutu. "Ine ndine wogulitsa, zonse n'zanga. Koma Lolemba akakuitanani kukajambula khanda m'nyumba ya zipinda ziwiri, mudzandikumbuka."

"Lolemba n'kutali, mwanawe."

Yunesi ananyamula chikwama chake n'kuchisenza pamutu. "Ine ndikupita ku Senga, kuseri kwa tauni ino, ana a sukulu akudikira majekete awo," anatero osamuyang'ana. Atafika pakhomo anatembenuka. "Bambo aja anafa, achimwene. Inu mukuwamverabe mpaka liti?"

Loweruka kunacha ndi mphepo. Ku Somabhula mwezi wa Ogasiti mphepo ilibe choitchinga. Imadutsa m'madambo a udzu wouma n'kukulowa m'makutu ngati ili ndi uthenga. Nehemiya anatsika galimoto ya katundu imene inamukweza kuchokera ku Gweru, nayenda motsatira njanji, lamba wa chikwama akumudula phewa. Anali atavala suti yake ya kutchalitchi. Sanadzifunse chifukwa chimene munthu wokabisala amavalira suti.

Mudzi wa a Never unali tsidya lina la njanjiyo. Unali utakula: nyumba ya malata, khitchini yozungulira yofolera udzu, ndi tenti yoyera imene mphepo inkaifufumitsa n'kuiphwetsa ngati chifuwa cha munthu wothamanga. Geti linali lomwe lija. Tsidya lino panali mthethe ndi mulu wa matabwa akale a njanji, ndipo iye anakhala pamenepo. Anapukuta galasi la lenzi ndi kansalu, nayesa pa mbuzi imene inali pafupi ndi khola. Mbuzi inabwera bwinobwino, ndevu zomwe.

Dzuwa litakwera, magalimoto anatulukira kuchokera kutchalitchi akuliza mahutala, maliboni akuuluka. Nthungululu zinamufika mochedwa, zoduladula ndi mphepo. Ojambula olembedwa ntchito, anyamata awiri a ku Gweru ovala zakuda, ankathamanga chammbuyo kutsogolo kwa galimoto yoyamba. Chitseko chinatseguka, ndipo panatuluka choyera.

Nehemiya anakweza kamera. Lenzi yaitali ili ndi khalidwe lake: imakulitsa munthu, imakulitsanso kunjenjemera kwa manja ako. Choyera chija chinkavina m'galasi, kukwera, kutsika, kusowa. Anagwada m'fumbi ndi suti yakeyo, nakhazika lenzi pa thabwa la njanji, nagwira mpweya, n'kupotoza.

Runyararo anabwera.

Chipumi chinali cha Spiwe, ndi kasekedwe kopendeketsa mutu komwe. Koma makutu anali a kwa Kalinde, otambalala pang'ono ngati a a Yosiya, ngati ake omwe, ndipo ndolo sizinathe kuwabisa. Aliyense wa maso akanaona. Zaka zonsezi mwanayu ankayenda ndi yankho pamutu pake, ndipo panalibe wolinena.

Anadina. Anadinanso. Anamujambula akukweza diresi kuti lisakhudze fumbi, akuseka ndi mnzake, akuweramira gogo wina kuti amupsompsone. Anamujambula mwamuna wake, mnyamata wamtali wa nkhope yofatsa, ndipo anamukonda. Zithunzi zinkatuluka zakuthwa kuposa zonse zimene anajambulapo pa moyo wake. Anadziuza kuti wasankha bwino, kuti izi n'zokwanira, kuti munthu wa msinkhu wake asamapemphe zambiri.

Ali m'kati moganiza choncho, Runyararo anatembenuka n'kuyang'ana molunjika m'galasi. Sanali kufufuza. Ankadziwa poyang'ana. Kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono, kenako anakoka mkono wa mwamuna wachikulire amene anaima pambali pake n'kumunong'oneza.

Nehemiya akanatha kuthawa. Nthawi inalipo, chifukwa a Never anali atakalamba ndipo ankayenda ndi ndodo. Anawaona akutuluka pageti, akutsika kamtsetse, akudutsa njanji mwendo umodzi umodzi. Iye anaimirira n'kusasa fumbi m'mawondo.

"VaKalinde," anatero a Never.

"Alamu." Nehemiya anakhazika kamera pansi kuti aombe m'manja.

A Never anayang'ana lenziyo nthawi yaitali. "Alendo anga akuopa. Akuti kutsidya kuli munthu wa mfuti." Sanaseke. "Mwakalamba."

"Tonse, alamu."

"Ine sindinakuitaneni, ndipo sindikukuitanani. Mwana ndiye akuti mubwere. Ali m'khitchini ndi azimayi amene anamulera, asanalowe mu tenti. Nthawi ndi yochepa, mpunga ukuzizira."

Anayenda motsogozana. Pageti Nehemiya anazengereza, koma a Never sanacheuke, ndiye analowa.

M'khitchinimo munali mdima wa utsi wa zaka zambiri. Kuwala kunkalowera pakhomo pokha. Kukhoma la kutsogolo kunali mashelefu oumba ndi dothi, mbale zoyera zitandandalikidwa mpaka pamwamba. Azimayi anakhala pamphasa mbali imodzi, ndipo pakati pawo Nehemiya anazindikira mayi uja analira tsiku logawa zovala, tsopano atatha mano. Pabenchi ya amuna panali akuluakulu angapo, ena a kwa Spiwe, ena achilendo, a kwa mkwati. Runyararo anaima pakati, diresi atalikwinyira m'manja. Anali pafupi moti Nehemiya anamva fungo la mafuta a m'tsitsi lake.

Anagwada pakhomo n'kuomba m'manja. Amuna anayankha ndi manja awo, mwaulesi. A Never anaima kumbuyo kwake.

Runyararo anayankhula m'Chishona, poti Chichewa chinamuthawa kalekale. Mawu ake anali otsika, osanjenjemera.

"Ndinakuonani ndikutsika galimoto. A tete Yunesi, mlongo wanu, anandipeza ku Senga, anandionetsa nkhope yanu pafoni. Anati mudzalowera pageti."

Nehemiya anayang'ana pansi.

"Mawa ndikupita kwa eni ake," anapitiriza, akuloza ndi chibwano akuluakulu achilendo aja. "Ndikakaphika, akadya, adzaomba m'manja kuti andithokoze ndi chiwongo changa. Afunsa kale kuti atchule chiti. Sekuru Never, malume anga, sangandibwereke chawo, si changa. Kusukulu ndinkangoti ndayiwala." Anapuma. "Ndiye ndati ndifunse ndekha, anthu ali pompano. Inu mwabwera ngati ndani?"

Kunja wina ankayesa zokuzira mawu, kugogoda ndi chala.

Mawu analipo. Anali omwe aja anawakonza panjira tsiku la tinsapato tofiira, ndipo sanaole. Koma Nehemiya anakweza maso n'kuona akuluakulu achilendo atavala masuti abwino, akumuyang'ana mawondo afumbi. Anaona mayi wopanda mano uja akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaganiza za munthu amene sanagule ngakhale pensulo, kudzatulukira tsiku la mpunga n'kumati mwana ndi wanga, pamudzi pa amene anamulera, mwini mudzi ataima kumbuyo kwake. Mkamwini sakweza mawu pabwalo la eni. Chinthu chimenecho chinali m'mafupa mwake kuposa Chichewa chimene. Anati ayambe ndi kudzichepetsa, zinazo zibwere pambuyo, mwaulemu, mwadongosolo.

"Ine, mayi," anatero, "ndangobwera kudzajambula."

Anamva a Never akutulutsa mpweya kumbuyo kwake. Mmodzi wa alendo aja anayang'ana kudenga. Nehemiya anatsegula pakamwa kuti apitirize, koma Runyararo anali atasiya kale diresi lija kuti ligwe pansi. Anaongoka, nakonza velo, naika manja pamodzi kutsogolo ngati mmene akwatibwi amaimira.

"Jambulani," anatero.

Chinali chinthu choyamba chimene mwana wake anamupempha chiyambire, ndipo iye anachigwira ndi manja awiri. Anaimirira n'kukweza kamera. M'galasi munali chifunga choyera. Anadina pang'ono kuti lenzi ipeze nkhope, ndipo inalira, kupita kutsogolo, kubwerera, kupitanso, osapeza kanthu. Anaipotoza kuti ifupike mpaka pamene imathera. Chifunga chokhachokha. Mwanayo anali pafupi kwambiri.

Anasuntha chammbali, nazungulira pamoto, nabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda mashelefu. Mbale zinachita phokoso, mayi wina anatambasula dzanja kuzigwira. Apo lenzi inapeza kanthu, koma kanali khutu lokha ndi ndolo, zitadzaza galasi lonse.

"Pepani," anatero. "Imafuna malo. Nditulukeko pang'ono."

"Tulukani," anatero Runyararo. "Mpaka pamene pakukwanirani."

A Never anapatuka pakhomo. Nehemiya anatuluka chammbuyo, diso lili pa kamera. Pakhonde panaoneka diso ndi mphuno. Anabwererabe. Anapunthwa pa chingwe cha tenti, wina anamugwira mkono, iye osacheuka. Anadutsa pamene azimayi ankatsuka mbale, nadutsa ngolo ya madzi. Pafupi ndi khola la mbuzi m'pamene Runyararo anakwana yense, kuyambira velo mpaka m'chiuno, ataima m'kati mwa khomo lakuda.

Anali asanasunthe. Ankamuyang'anabe, ndipo patsaya lake panali mzere wonyezimira umene unadula ufa wa kumaso. Nehemiya anadina. M'khitchini munali mdima, kamera inachedwa kutseka, ndipo pakagalasi ka kumbuyo panatuluka chinthu choyera chopakika ngati utsi. Anadinanso. Chimodzimodzi.

Apo m'pamene mawu aja anatuluka, okha, osawakonza.

"Ndiwe Nambewe," anatero. "Ndiwe mwana wanga. Amayi ako sanalakwe kanthu."

Anawanena ndi mawu a munthu woyankhula ndi wina amene ali pafupi, poti m'galasi anali pafupi. Mbuzi ndi zimene zinamva. Nthawi yomweyo zokuzira mawu zinaphulika ndi nyimbo, ndipo operekeza ukwati, anyamata ndi atsikana ovala zobiriwira, anathamanga kudzandanda awiriawiri pakati pa khitchini ndi tenti. M'galasi munadzaza misana yobiriwira ikugwedezeka. Anatsitsa kamera. Ndi maso ake okha, khomo la khitchini linali kabowo kakuda patali.

Anayamba kubwerera, akupepesa, akudzipanikiza pakati pa anthu, koma anthu onse ankapita kumene iye ankachokera. Mkwati anali atafika kale pakhomo paja. Nthungululu zinakwera. Mzere unayamba kuyenda, masitepe awiri kutsogolo, limodzi m'mbuyo, ndipo gulu linamukankhira Nehemiya pamphepete pa njira imene anayalapo nsalu. Runyararo anadutsa pomwepo, atagwira mkono wa mwamuna wake, ufa wa kumaso utakonzedwa. Mphepo inaulutsa velo lake n'kulikhudzitsa padzanja la Nehemiya. Iye anaitana dzina, koma sipika inali pamwamba pa mutu wake penipeni, ndipo ngakhale iye mwini sanadzimve. Mwanayo ankayang'ana kutsogolo, akumwetulira anyamata a zakuda aja amene ankayenda chammbuyo ndi timalenzi tawo tatifupi, pafupi naye moti akanatha kumugwira.

Tenti inawameza onse. Panja panatsala ophika, agalu, ndi iye.

Anaima pamenepo mpaka nyimbo inasintha. Anaganiza zolowa, kukatenga chokuzira mawu m'manja mwa woyendetsa mwambo, kunena zonse anthu akumva. Anafika pakhomo pa tenti n'kusuzumira. Kutsogolo, pampando umene anaukuta nsalu yoyera pambali pa mkwatibwi, a Never anali atakhala, ndodo ili pakati pa miyendo, ndipo woyendetsa mwambo ankapempha anthu kuti awaombere m'manja bambo a mwana.

Wina anamukoka jekete. Anali mayi wonenepa wa epuloni, atanyamula mbale ya mpunga ndi chidutswa cha nkhuku, thukuta lili chipumi chonse.

"Ndinu a zithunzi, eti, sekuru? Landirani. Koma muno ndi mwa alendo. Ojambula ndi madalaivala akudyera kuseri kwa tenti."

Nehemiya anakoleka kamera paphewa, napukuta manja m'jekete, n'kulandira mbaleyo ndi manja awiri.

"Zikomo, mayi," anatero, ndipo anazungulira kuseri.